Mwavulala pa ntchito ku Kopala ndipo akukanani malipiro: mupite kuti?

Likulu la bungwe lolipira anthu ovulala pa ntchito m'Zambia silili ku Lusaka. Lili ku Ndola, m'nyumba yotchedwa Compensation House, ndipo dzina la bungwelo ndi Workers' Compensation Fund Control Board. Koyezera mapapo a anthu a m'migodi nako ndi konkuno ku Kopala, ku Occupational Health and Safety Institute mumzinda wa Kitwe. Khoti lalikulu limazenga milandu ku Ndola ndi ku Kitwe, nthambi yake yoona milandu ya pantchito imakhala ku Ndola, ndipo a Legal Aid Board, maloya a boma othandiza osowa, ali ndi maofesi m'mizinda yonse iwiri. Munthu wa ku Chama kapena ku Chadiza amagona panjira kuti afike pa zitseko zimenezi, pamene wa ku Chifubu amangokwera minibasi imodzi. Komabe ku Wusakile, ku Chamboli, ku Chipulukusu ndi ku Kabushi kuli anyamata oduka zala, amayi opweteka msana ndi madala otsokomola usiku wonse amene sanalandirepo ngakhale ngwee, kapena analandira kangachepe n'kungoti, "Basi, akuluakulu agamula."

Akuluakulu akagamula molakwika, lamulo lomwelo limapereka njira yotsutsira. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri mwa anthu amenewa lamulo silinawakane. Nkhani zawo zinafa chifukwa ngozi sinalembedwe pa nthawi yake, chifukwa anagogoda pa ofesi yolakwika, kapena chifukwa kalata yowakana inagona m'sutikesi mpaka masiku a apilo anatha. Loya akamadzaiona nkhaniyo, amapeza palibenso pogwira.

Choyamba kudziwa n'chakuti ndalama za munthu wolumala sizichokera m'thumba limodzi. Pali chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, pali malipiro ochokera kwa bwana akakuchotsani ntchito chifukwa cha matenda, pali penshoni ya ku NAPSA, ndiye pali ndalama za Social Cash Transfer za mabanja osauka. Lililonse lili ndi lamulo lake, ofesi yake ndi mafomu ake, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala woyenera kulandira m'matumba awiri kapena atatu. Bwana akakulipirani zake, sizitanthauza kuti za ku Ndola zatha. NAPSA ikakukanani, sizitanthauza kuti kwina konseko akukanani.

Tiyambe ndi chipukuta misozi, popeza ndi pamene pamavulazikira anthu ambiri kuno. Lamulo lake ndi Workers' Compensation Act, nambala 10 ya chaka cha 1999, limene linaphatikiza bungwe la ovulala pa ntchito ndi lija linkalipira odwala mapapo a m'migodi kuti likhale bungwe limodzi. Ndalama za m'thumba limeneli amasonkha ndi olemba anthu ntchito. Wantchito sasonkha kanthu, ndipo bwana saloledwa kudula msonkho umenewu pa malipiro anu. Si la anthu a m'migodi okha: womanga nyumba, woyendetsa galimoto ya kampani, mlonda, wogwira m'fakitale ya simenti, ngakhale mtsikana wantchito ya m'nyumba, onsewa lamuloli limawakhudza. Ndiponso simufunika kuonetsa kuti bwana analakwa. Funso lalikulu n'loti, kodi kuvulalako kapena matendawo anabwera chifukwa cha ntchito, munthu ali pa ntchito?

Tiyerekeze mnyamata wolembedwa ndi kontirakitala pa mgodi wina wa ku Kitwe. Mwala wagwa, waphwanya dzanja lake lamanja. Kapitawo akumunyamula m'galimoto, akumupititsa ku kiliniki, ndipo panjira akumuuza kuti, "Mukafika muziti mwagwa kunyumba, kampani ikuonani bwino." Mnyamatayo akuopa kuluza ntchito, akuvomera. Namwino akulemba pa khadi kuti wagwa kunyumba. Miyezi itatu ikutha, kontirakiti ikutha nayo, zala ziwiri sizikupindika, ndipo pepala lokhalo limene lilipo padziko lapansi likunena kuti ngoziyo sinachitikire pa ntchito. Apa ndi pamene milandu yambiri imafera, tsiku loyamba lenilenilo, pa mawu awiri olembedwa ndi bolopeni pa khadi la kuchipatala.

Tsono mukavulala, uzani namwino ndi dokotala zoona zokhazokha: malo, nthawi, ndi chimene mumachita. Funsani kuti akuwerengereni zimene alemba. Lembani mayina ndi manambala a foni a anzanu amene anaona, chifukwa anthu a kontirakiti amabalalika msanga. Lero ali ku Kitwe, mwezi wamawa ali ku Solwezi. Lamulo limafuna kuti bwana adziwitse bungwe la ku Ndola za ngoziyo pasanathe masiku 3 chidziwireni. Musangokhulupirira kuti watero. Pitani nokha, kapena tumani mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mbale, akafunse ngati ngozi yanu inalembedwa ndiponso nambala ya fayilo yanu. Ngati bwana sananene, kapena kampani yake sinalembetse n'komwe ku bungweli, umenewo ndi mlandu wa iyeyo. Inu kanenenitu nokha, ndipo musalole chaka kutha pempho lanu lisanafike, chifukwa pempho lochedwa limafuna zifukwa zomveka, ndipo si nthawi zonse pamene amazimva. Ngozi za m'migodi zimakhudzanso a Mines Safety Department, amene likulu lawo lili ku Kitwe komweko. Ngati anafufuza ngozi yanu, lipoti lawo ndi umboni wamphamvu.

Mabala akapola, madokotala amayeza kuti kulumala kwanu n'kwakukulu bwanji, ndipo amalemba m'maperesenti. Nambala imeneyi ndiye mtima wa nkhani yonse. Ikakhala 10 peresenti kapena kucheperapo, mumalandira ndalama kamodzi basi. Ikapitirira 10, mumalandira penshoni mwezi ndi mwezi moyo wanu wonse. Munthu wolembedwa 10 ndi mnzake wolembedwa 15 amasiyana ndi manambala asanu okha pa pepala, koma pa moyo wawo amasiyana kutali. N'chifukwa chake tsiku loyezedwa si tsiku lodzionetsa kulimba mtima. Ife anthu a kum'mawa tinaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo dokotala akafunsa kuti muli bwanji timayankha kuti tili bwino pang'ono. Pa tsiku limeneli nenani zonse: kuti simungathe kumanga mabatani a malaya, kuti simugona chifukwa cha ululu, kuti khutu lamanzere silikumva chiphulikireni bomba lija, kuti mukayenda mtunda waufupi mumakhala pansi. Chimene simunanene sichilembedwa, ndipo chosalembedwa sichilipiridwa.

Kupatula ndalama, bungweli lili ndi udindo wolipira chithandizo cha kuchipatala chokhudza ngoziyo, kupereka zinthu monga mwendo wochita kupanga kapena njinga ya olumala, ndi kuthandiza munthu kuphunzira ntchito ina. Wolumala kwambiri moti sangadzisamalire yekha pali kandalama ka womusamalira. Wantchito akamwalira ndi ngoziyo, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ali ndi gawo lawo. Zinthu zimenezi muzizifunsa ndi mayina ake. Ndinene mosabisa kuti penshoni zambiri za m'thumba limeneli n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa thumba la ufa, ndipo olandira akhala akudandaula kwa zaka. Kudandaulako n'koyenera. Koma kuchepa kwa ndalama kusakhale chifukwa chozisiyira, makamaka poti fayilo yomweyo ndi imene imakutsegulirani chithandizo cha kuchipatala bala likadzayambiranso.

Nanga kalata ikabwera yokukanani, kapena yolemba peresenti imene mukuona kuti n'njochepa? Lamulo la 1999 linakhazikitsa bwalo lapadera lotchedwa Workers' Compensation Tribunal, lomva madandaulo a anthu osakhutira ndi chigamulo cha mkulu wa bungweli, ndipo wosakhutira ndi bwalolo akhoza kupitirira ku khoti lalikulu. Nthawi ya apilo imawerengedwa m'masiku, osati m'miyezi. Tsiku lomwe mwalandira kalatayo, lembani deti pakona pake, sungani envulopu, ndipo sabata yomweyo kaionetseni kwa wodziwa malamulo. Ngati anakuuzani pakamwa pokha kuti "fayilo yanu yakanidwa," pemphani kuti akupatseni molemba pamodzi ndi zifukwa zake. Mawu a pawindo simungawachitire apilo.

Apilo yabwino sikhala ya kulira. Kulemba kuti muli ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo lendi yakuvutani n'zoona, koma bwalo silisintha peresenti chifukwa cha zimenezo. Limafuna kuona pamene chigamulo chinalakwika: lipoti la dokotala wa mafupa wa ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital losonyeza kuti dzanja lonse lafooka pamene iwo anawerengera zala zokha; mapepala a malipiro osonyeza kuti munkalandira zambiri kuposa zimene bwana analemba; mboni yonena kuti ngoziyo inachitika muli pa shifiti. Ndipo ngati peresenti inali yoona pa nthawiyo koma thupi lapitirira kuwonongeka, mukhoza kupempha kuti akuyezeninso.

Pali gulu limene ndikufuna kulikhalira pang'ono, la madala amene anasiya mgodi kalekale. Fumbi la mwala silipha tsiku limodzi. Munthu amatha kutuluka pansi ali wamphamvu, n'kupita kukalima kwawo ku Katete, ku Petauke kapena kutsidya ku Mchinji, kenako patatha zaka khumi n'kuyamba kubanika pokwera kaphiri. Kumudzi amati ndi ukalamba, ena amati ndi zaanthu. Nthawi zina ndi silikosisi, matenda oumitsa mapapo amene sachira, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Matenda awiri onsewa lamulo limawatchula kuti ndi olipiridwa kwa anthu a m'migodi akakwanitsa zofunika zake. Malo oyezera a ku Kitwe aja akhala akupima mapapo a anthu a m'migodi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo dzina limene ali nalo lero linabwera ndi lamulo la zaumoyo ndi chitetezo pa ntchito la chaka cha 2010. Amayeza amene ali pa ntchito, amayezanso amene anapuma. Popanda chitsimikizo chawo, bungwe la ku Ndola lilibe polipirira. Ngati bambo anu anagwira pansi nthawi ya kampani ya ZCCM, migodi isanagulitsidwe m'chaka cha 2000, kapena pambuyo pake, afunseni nambala yawo ya mgodi ndi khadi lawo la silikosisi, muwabweretse adzayezedwe akali ndi mphamvu zokwera basi. Amene anakagwira m'migodi ya golide ku South Africa nkhani yawo ndi ina: iwo amapita ku Tshiamiso Trust, thumba la R5 biliyoni limene khoti la kumeneko linavomereza mu 2019. Musasokoneze ziwirizi, ndipo wina asakudyereni ndalama ponena kuti akulembetsani ku South Africa pamene inu munagwira ku mgodi wa Nkana.

Tsopano za kuchotsedwa ntchito chifukwa cha matenda, kaya anabwera ndi ntchito kaya ayi. Employment Code Act, nambala 3 ya 2019, imati wantchito wa kontirakiti yaitali akadwala alandire malipiro athunthu miyezi 3, kenako theka la malipiro miyezi ina 3. Akapanda kuchira, bwana akhoza kumupumitsa potsatira malangizo a dokotala, koma ayenera kumulipira ndalama zosachepera malipiro a miyezi 3 pa chaka chilichonse chathunthu chimene anagwira, kuwonjezera pa zina zonse zimene anali nazo kale. Mwachitsanzo, munthu amene malipiro ake enieni, osawerengera ma alawansi, anali K6,000 pa mwezi, ndipo anagwira zaka 8, ayenera kulandira zosachepera K144,000. Mukaona ndalama zimenezi mumvetsa chifukwa chake mabwana ena amabweretsa pepala ku bedi la kuchipatala kuti wodwala asaine kuti wasiya ntchito mwa kufuna kwake. Kusiya wekha ndi kupumitsidwa chifukwa cha matenda ndi zinthu ziwiri, ndipo ndalama zake n'zosiyana kwambiri. Paja safunsa anadya phula: pepala lililonse lolembedwa m'Chingerezi chimene simukuchimva, litengeni kunyumba, wina akuwerengereni, musanaikepo dzina kapena chala. Mkangano wotere umayambira kwa ofisala wa zantchito wa m'boma lanu, ndipo ukakanika umapita ku Industrial Relations Division ya khoti lalikulu. Kumeneko dandaulo liyenera kulowa pasanathe masiku 90 kuchokera pamene njira za m'kampani zatha, kapena pamene chinthucho chinachitika ngati njira zoterozo kulibe.

Lamulo la anthu olumala, Persons with Disabilities Act, nambala 6 ya 2012, limaletsanso kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali, ndipo limafuna kuti malo a ntchito akonzedwe momuyenera pamene n'kotheka. Woduka mwendo sangatsikenso pansi, koma akhoza kugwira ku sitolo ya zipangizo kapena pa geti. Funso limeneli liyenera kufunsidwa munthu asanapatsidwe kalata yopita kwawo.

Ku NAPSA nkhani imagona pa miyezi imene munasonkha. Bungweli linayamba kugwira ntchito mu February 2000, kulowa m'malo mwa Zambia National Provident Fund, ndipo mwezi uliwonse wantchito amasonkha 5 peresenti, bwana 5 peresenti. Kuti mulandire penshoni ya ulumali mwezi ndi mwezi, muyenera kukhala osafika zaka zopumira, madokotala atsimikize kuti simungathenso kugwira ntchito yokupezetsani ndalama, ndipo mukhale mutasonkha miyezi yosachepera 60, mwa imeneyo 12 ikhale ya m'kati mwa miyezi 36 yomaliza musanalumale. Wosakwanitsa miyeziyo amalandira ndalama kamodzi. Apa sizifunika kuti ulumali ukhale wochokera ku ntchito. Sitiroko, khungu lobwera ndi shuga, ngozi ya pamsewu, zonse zimawerengedwa. Vuto lofala ndi la mabwana amene amadula 5 peresenti pa malipiro koma osaipereka. Munthu amadzazindikira atadwala kale kuti pa sitetimenti yake pali mipata ya chaka chathunthu. Mapepala a malipiro osonyeza kuti ankakudulani ndi amene angakupulumutseni, chifukwa ndi amene NAPSA ingagwiritse ntchito potsata bwanayo. Amene muli pa ntchito lero ndipo muli bwino, katengeni sitetimenti yanu chaka chino, muione mwezi ndi mwezi.

Kwa munthu amene sanalembedwepo ntchito, kapena mwana wobadwa wolumala, khomo ndi la Social Welfare. Social Cash Transfer inayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo banja limene lili ndi munthu wolumala kwambiri lakhala likulandira zochulukirapo. Mu 2022 linkalandira K400 pa mwezi pamene mabanja ena ankalandira K200. Mayina amayambira ku komiti ya m'dera yotchedwa CWAC, ndipo pamafunika umboni wa kuchipatala kapena khadi la Zambia Agency for Persons with Disabilities. Khadi limeneli lipezeni ngakhale simukulifuna lero. Ngati dzina lanu lasiyidwa kapena lachotsedwa popanda kukuuzani chifukwa, kadandauleni kwa ofisala wa Social Welfare wa m'boma, molemba, ndipo musunge kope lodindidwa. Ku Social Welfare n'kumenenso kumagwera anyamata okumba okha, monga aja a pa Black Mountain ku Kitwe, pamene anthu anafa chimulu chitagumuka mu June 2018. Wokumba wopanda bwana wodziwika amavutika kupeza chipukuta misozi, koma ngati panali munthu amene ankamutuma, kumupatsa zida ndi kumulipira pa tsiku, nkhaniyo ndi yoyenera kuionetsa kwa loya, chifukwa kusowa kwa kontirakiti yolemba sikutanthauza kuti panalibe ntchito.

Tsono thandizo la malamulo lilipo kuti?

Legal Aid Act, nambala 1 ya 2021, inakulitsa ntchito ya Legal Aid Board. Anthu ambiri amaganiza kuti maloya amenewa ndi oimira akuba ndi opha anthu okha. Amathandizanso pa milandu ya ntchito, ya malipiro ndi ya chipukuta misozi, kuyambira pa uphungu ndi kulemba makalata mpaka kukuimirani m'khoti. Amayang'ana zinthu ziwiri: kuti mulibedi ndalama zolipirira loya wanu, ndi kuti nkhani yanu ili ndi pogwira. Akhoza kukupemphani kandalama kochepa. Ngati mulibiretu, nenani, musabwerere pakhomo. Lamulo lomweli linavomereza anthu ophunzitsidwa malamulo amene si maloya, otchedwa ma paralegal, amene mumawapeza m'mabungwe a mipingo, m'mabungwe omwe si a boma ndi pa makhoti ena. Pa nkhani zambiri zimene ndatchulazi, paralegal wakhama ndi wokwanira pa chiyambi. Iye ndi amene angawerenge kalata yanu, kuwerengera masiku otsala, kulemba dandaulo ndi kukuuzani pamene nkhaniyo yafika pofuna loya. Dziwani kuti maloya a boma ndi ochepa ndipo mafayilo ndi ambiri. Mukapita kutatsala masiku awiri kuti nthawi ithe, mwawamanga manja.

Ngati muli m'bungwe la antchito, yambirani kumeneko. Mineworkers Union of Zambia ili ku Katilungu House mumzinda wa Kitwe, nyumba yotchedwa dzina la Lawrence Katilungu, mtsogoleri woyamba wa bungwe la anthu akuda a m'migodi limene linakhazikitsidwa mu 1949. Ndalama zimene amakudulani mwezi uliwonse za yuniyoni ntchito yake ndi imeneyi, ndipo mapangano a yuniyoni ndi kampani nthawi zina amapereka zambiri kuposa zimene lamulo limalamula. Amayi ndi ana, makamaka amasiye amene achibale a mwamuna akufuna kuwalanda chipukuta misozi, akhoza kupita ku National Legal Aid Clinic for Women, imene ili ndi ofesi ku Ndola. Nkhani ya kusalidwa chifukwa cha ulumali ipititseni ku Human Rights Commission, imenenso ili ku Ndola, kapena ku mabungwe a anthu olumala monga Zambia Federation of Disability Organisations ndi Disability Rights Watch. Mabungwe amenewa khoti saliopa: mu 2011 Sela Brotherton, m'malo mwa chitaganya cha mabungwe a olumala, anasumira Electoral Commission of Zambia pa nkhani ya malo ovotera osafikirika, ndipo khoti lalikulu linagamula kuti olumala anasalidwa. Fayilo ikangokhala pa ofesi ya boma miyezi ndi miyezi popanda yankho, ofesi ya Public Protector inakhazikitsidwira madandaulo otere.

Loya wolipira amafunika makamaka pamene bwana analakwadi: makina opanda chotchinga, denga la mgodi losachirikizidwa, zovala zodzitetezera zosaperekedwa. Pamenepo, kuwonjezera pa chipukuta misozi, pakhoza kukhala mlandu wosumira kampani chifukwa cha kusasamala, ndipo milandu ya kuvulala kwa thupi iyenera kulowa m'khoti pasanathe zaka 3. Zaka zitatu zimaoneka zambiri kwa munthu amene ali m'chipatala, koma zimatha akuyembekezera malonjezo a kampani. Musanapereke fayilo yanu, gwirizanani za malipiro a loya molemba, landirani lisiti pa ndalama iliyonse, ndipo ngati mukukayika funsani ku Law Association of Zambia ngati munthuyo ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chino. Kumeneko n'kumenenso amalandira madandaulo okhudza maloya.

Chenjerani ndi anthu oima panja pa maofesi, onena kuti amadziwana ndi wamkati ndipo fayilo yanu iyenda mukapereka ya drinki. Kupempha chipukuta misozi sikufuna mkhalapakati wotere. Chenjeraninso ndi a kaloba amene amamva msanga kuti mwatsala pang'ono kulandira, n'kukukongozani ndalama atagwira khadi lanu la ku banki ndi chitupa chanu cha NRC. Penshoni ya munthu wosatha kugwiranso ntchito ikalowa m'manja mwa kaloba, kubweza kwake n'kovuta.

Mawu amodzi kwa ife olankhula Chinyanja kuno. M'maofesi a ku Kopala mumamveka Chibemba ndi Chingerezi, ndipo ambiri a ife timagwedeza mutu ngakhale pamene sitinamve bwino, poopa kuoneka achilendo. Pa nkhani ya thupi lanu ndi ndalama zanu, musagwedeze mutu pachabe. Nenani kuti, "Chonde bwerezani m'Chinyanja," kapena pitani ndi mwana wanu wamkulu. M'khoti pemphani womasulira. Wosamva apemphe womasulira chinenero cha manja, wosaona apemphe kuti amuwerengere pepala lonse, ndipo woyenda pa njinga akapeza ofesi ili pamwamba popanda chikepe, apemphe ofisala atsike. Lamulo la 2012 limafuna kuti makhoti aganizire ulumali wa munthu ndi kumukonzera zomuthandiza kuti atsate mlandu wake. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo zimenezi ndi zina mwa zimene inalonjeza.

Popita kwa wothandiza aliyense, tengani NRC, kontirakiti kapena kalata yokulembani ntchito, mapepala a malipiro onse amene muli nawo, makadi ndi malipoti a kuchipatala, zithunzi za X-ray, nambala ya NAPSA, nambala ya mgodi, ndi kalata iliyonse imene munalandira kapena kulemba. Perekani makope, enieniwo akhale ndi inu m'pepala la pulasitiki losalowa madzi. Kalata iliyonse imene mwasiya pa ofesi, kope lanu alidinde ndi deti. Gulani kabuku ka sukulu, muzilembamo tsiku limene munapita, amene munalankhula naye ndi zimene anakuuzani. Kabuku kameneka kamapambana kukumbukira kwa munthu aliyense, ndipo loya akakaona ntchito yake imapepuka.

Inu atsogoleri a mipingo, a makomiti a m'makomboni ndi a nthambi za yuniyoni, mukamakaona wovulala musamangopita ndi malalanje ndi pemphero. Mufunseni ngati ngozi yake inalembedwa ku Ndola, ndipo ngati sakudziwa, tumani munthu akafunse. Ndipo inu amene muli ndi kalata yokukanani m'nyumba, itulutseni lero, muone deti lake, mawa m'mawa mukaionetse ku Legal Aid Board ku Kitwe kapena ku Ndola. Ngakhale mukuganiza kuti masiku anatha, pitanibe. Pali nkhani zina zimene khoti limalola kuwonjezera nthawi munthu akapereka chifukwa chomveka, ndipo woyenera kukuuzani ngati yanu ili m'gulu limenelo ndi wodziwa malamulo amene waiwerenga.